Siponji ya Alamu

Matilesi a Esteri ndi Winston anagulidwa chaka chimene anasamukira m'nyumba ya kampani. Anali a mtundu uja umene ogulitsa amaukoleka pakhonde la sitolo n'kumagwedezeka ndi mphepo, opepuka moti mwana akhoza kuwanyamula ndi dzanja limodzi. Ali atsopano ankaoneka onenepa ndithu, nsalu yake ya maluwa obiriwira. Koma mvula isanagwe kachiwiri, pakati pake panali patachita kale chidikha, ndipo munthu akagona ankamva mathabwa a bedi akumugwira nthiti.

Winston ankayendetsa thirakitala pa esiteti ya tiyi, kututa masamba kumunda kupita nawo ku fakitale. Esteri ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo. Nyengo ya mvula, tiyi akamaphuka mothamanga, ankawerama kuyambira m'mawa dengu lili kumsana, ndipo pofika kusikelo yoyezera tiyi madzulo msana unkakhala ngati wa munthu wina. Kunyumba, m'malo mopuma, ankakagwera m'chidikha chija. Anayesa kuyala makatoni pansi pa matilesiwo. Anayesa kupinda bulangete lakale n'kulilowetsa pakati. Anayesanso kuwatembenuza, kumutu kukhala kumiyendo. Zonsezi zinkathandiza masiku owerengeka chabe.

Za matilesizo anazinena kambirimbiri. Ananena kwambiri ali ndi pakati pa Prince, mwana wawo yekhayo, nthawi imene kuti atembenuke ankayamba wagwira khoma. Winston sankakana, komanso sankavomera. Ankangoseka n'kunena kuti kwawo anakulira pamphasa ndipo palibe anathyoka msana, kapena ankati aona mwezi ukatha. Miyezi inatha, Prince anabadwa, anayenda, anayamba sukulu, matilesi ali omwewo.

Winston anali ndi mlongo wake mmodzi yekha, Sharon, wamng'ono kwa iye, amene ankakhala pamudzi pa malemu amayi awo, kuseri kwa Mulanje Mishoni. Mwamuna wa Sharon anapita ku Mozambique kukaoda nsomba zouma ndipo sanabwererenso. Anthu ankati ali ndi banja lina cha ku Milanje. Kuyambira pamenepo zonse za Sharon ndi ana ake awiri zinali pamutu pa Winston monga mwini mbumba. Denga likadontha, Winston. Mwana akabwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu, Winston. Esteri sankatsutsa zimenezo, poti ndi mmene anthu amakhalira. Koma iye anabadwa m'nyumba ya ana aakazi okhaokha, malume awo anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo sanalaweko kukhala ndi mwamuna amene amangoti akamva dzina lako n'kudzuka.

Chimene chinkamuwawa sichinali zinthu zopita kumudzi ayi, koma liwiro lake. Iye akapempha kanthu, kankayamba kadikira. Sharon akangofulasha foni, Winston ankayamba kufunafuna nsapato asanamve n'komwe kuti nkhani ndi yotani.

Mwezi wa Juni, mvula yowaza ya chiperoni itanyowetsa msewu, Sharon anagwa pa kabaza wa njinga yamoto akupita kumsika ndi dengu la zinanazi. Anavulala chiuno ndi msana. Anagonekedwa m'chipatala, ndipo pomutulutsa anamuuza kuti azikhala chogona nthawi zambiri, asanyamule ngakhale ndowa. Sharon ankagona pamphasa yoyala pa bedi la malemu amayi awo. Tsiku lomwelo Winston anathamangira ku Chitakale n'kukamugulira matilesi, otchipa omwe aja, ofanana ndi akunyumba kwake kupatula maluwa a nsalu. Esteri anaona izi ndipo sananene kanthu, poti wodwala sachitiridwa nsanje poyera.

Sipanapite nthawi, Sharon anayamba kudandaula kuti matilesiwo aphwa, akumva mathabwa m'chiuno movulala muja. Loweruka lina m'mawa, Esteri akuchapa kuseri kwa nyumba, Winston anabwera n'kukhala pa njerwa pafupi naye. Anati mnzake wina wa kuntchito, Lyson, wamuuza kuti ku Nkando kuli mayi wina amene amagulitsa siponji yodula kale, yoyala pamwamba pa matilesi kuti munthu asamamve mathabwa. Iye sakanatha kupita chifukwa anali pa ntchito tsiku lonse.

"Mupite ndinu, amake Prince. Inu za matilesizi mumazidziwa bwino."

Esteri anapitiriza kufikisa kolala ya shati imene inali itayera kale.

"Ndimazidziwa, eetu."

Winston sanamve chimene chinali m'mawuwo. Anamuthokoza, n'kumuuza kuti asankhe yabwino, asaumire, kenako ananyamuka kupita kukaliza thirakitala yake.

M'minibasi yopita ku Nkando Esteri anakhala pawindo, maso ali pa minda ya tiyi imene inkatsalira kumbuyo. Ankadzifunsa ngati Lyson uja anali atangoidziwa kumene siponjiyo, kapena Winston sanafunsepo munthu aliyense zaka zonsezi. Yankho ankalidziwa. Kuti siponji yoteroyo ipezeke padziko, panafunika kuti msana wopwetekawo ukhale wa Sharon.

Sitoloyo anaipeza mosavuta, kuseri kwa ogulitsa nandolo ndi chinangwa. Inali kachipinda kopapatiza kodzaza masiponji mpaka kudenga, kofungo la pulasitiki. Mwini wake anali mayi wachikulire wovala mpango wakuda wophimba mpaka m'khosi, dzina lawo mayi Mwanaisha. Atamva kuti Esteri akufuna choyala pamwamba pa matilesi otchipa, sanafulumire kutsitsa katundu. Anayamba afunsa kuti matilesiwo aphwa pati, bedi lake ndi la mathabwa kapena la mawaya, ndiponso ngati wogonapo amamva msana. Esteri anayankha zonse mosaganiza kawiri. Anafotokoza chidikha cha pakati, mathabwa ogwira nthiti, kudzuka m'mawa thupi lili louma ngati nkhuni. Anali pakati pofotokoza pamene anazindikira kuti akunena za bedi lake, osati la Sharon.

Mayi Mwanaisha anatsitsa mitundu itatu n'kuiyala pansi. Yoyamba inali yapinki, yonenepa, yokongola, yoti ukaigwira dzanja limangomira. Yachiwiri inali yotuwa ngati phulusa, yopyapyala poyerekeza ndi inzake, yosakopa maso ngakhale pang'ono. Chachitatu sichinali siponji, chinali chikwama chachikulu chimene telala wina anasoka n'kudzazamo thonje. Chathonjecho anati n'chabwino nyengo yotentha, koma kuno kwa chiperoni chimakoka chinyezi n'kuyamba kununkha nkhungu, komanso thonje limathawira m'makona. Anachikankhira pambali.

Kenako anamuuza Esteri kuti anyamule yapinki ndi dzanja limodzi, yotuwa ndi dzanja linalo. Yotuwayo, ngakhale inali yopyapyala, inalemera kuposa inzake. Anamuuzanso kuti agwadire iliyonse ndi bondo. Pa yapinki bondo linafika pa simenti. Pa yotuwa linalowa pang'ono n'kuima, ndipo atadzuka siponjiyo inabwerera m'malo mwake mwakachetechete. Anati siponji saigula ndi maso, amaigula ndi bondo, ndipo kuyala chofewa pamwamba pa matilesi ophwa kale kuli ngati kuthira phala pa phala. Mtengo wa ziwirizo unali umodzi, chifukwa ina umalipira kunenepa, ina kulimba.

Kumbuyo kwa sitoloyo, kuseri kwa katani, kunali matilesi otchipa akale amene mayiwo ankayeserapo makasitomala. Anayala yotuwa pamwamba pake n'kumuuza Esteri kuti avule nsapato agone. Esteri anachita manyazi, koma anagona chagada. Poyamba inamveka yolimba. Kenako anamva msana wake ukutsika pang'onopang'ono n'kukhazikika, fupa lililonse pamalo pake, popanda thabwa lomubaya, popanda dzenje lomukoka. Malo ena a m'chiuno amene ankawaumitsa osadziwa anamasuka okha. Panja kondakitala ankaitanira anthu a ku Limbe, wina ankatsatsa nthochi, koma iye anatseka maso n'kulakalaka atamuiwala momwemo mpaka madzulo.

"Amuna anu ndi munthu woganiza," anatero mayi Mwanaisha ataima pa katani. "Ambiri amati mkazi akadandaula msana, ndi ulesi."

Esteri sanawakonze. Anadzuka, n'kuvala nsapato zake pang'onopang'ono. M'maganizo mwake anaona Sharon atagona pa siponji yotuwayo, thupi litamasuka monga momwe lake linamasukira, akuuza aliyense wobwera kudzamuzonda kuti achimwene ndiwo agula. Anadziona yekha akubwerera kuchidikha chake madzulo omwewo, atasenza pamutu pake mpumulo wa munthu wina.

Analoza yapinki.

Mayi Mwanaisha anaganiza kuti sanamvetse. Anabwereza kuti imeneyo ndi ya alendo ogona usiku umodzi, kapena ya ana opepuka, ndipo kwa munthu wa msana sidzatha mwezi isanamubwezere pomwe anali. Esteri anati waimva, koma iye wakonda yapinkiyo. Mayiwo anamuyang'ana kanthawi, kenako anaipinda n'kuimanga ndi chingwe.

"Msana ndi wanu, mwanangu."

Kuchokera pa siteji ya ku Mishoni kukafika kwa Sharon ndi kamtunda ndithu, ndipo Esteri anayenda wapansi siponji ili pamutu, mphepo ikulimbana nayo. Anamupeza Sharon atagona chammbali, nkhope itaonda. Anamudzutsa mosamala, anamukhazika pa mpando, anakuntha matilesi, anayala siponjiyo n'kuphimba ndi nsalu yoyera. Sharon atagonapo anamira mpaka m'makutu n'kuseka ngati mwana. Anaitana mayi wa nyumba yoyandikana kuti adzaone, ndipo mayiyo anaitana wina. Onse ankaidina ndi zala n'kumati zoterezi amagonera azungu a kuphiri. Sharon ankangobwereza kuti achimwene ake ndi munthu, pamene ena ali ndi alongo ongodziwa mowa.

Potsanzikana anamugwira Esteri dzanja.

"Alamu, mukawauze achimwene kuti Mulungu awadalitse."

Za munthu amene anakwera minibasi, anasankha, anasenza n'kuyala, panalibe liwu. Esteri anabwerera mtima uli m'malo. Njira yonse ankadziuza kuti sanalakwe kanthu: anatumidwa siponji, wabweretsa siponji, ndipo mwini wake waikonda.

Masabata oyambirira zonse zinali bwino. Kenako mauthenga anayamba kubwera. Sharon ankati akagona akumira moti kudzuka yekha sakutha, mpaka wina amukoke. Ankati siponjiyo ikutentha, akudzuka ali thukuta lokhalokha ngakhale kunja kuli chisanu. Pakati pake panaphwa n'kulowa m'chidikha cha matilesi, m'mbali mwake muli motukuka, moti ankagona ngati ali m'bwato, chiuno chovulalacho chitapindika. Ululu umene unayamba kuchepa unabwerera, n'kutsikira m'mwendo.

Winston anayamba kupita kumudzi tsiku lililonse akaweruka. Ankangofika kunyumba, kusamba, n'kukwera njinga, ndipo ndiwo zimene Esteri waphika ankapatulako zina m'kontena kuti akapatse wodwala. Lamulungu, m'malo mopita limodzi kutchalitchi monga ankachitira, ankalawirira kwa Sharon. Esteri ankakhala pakhonde n'kumayang'ana akazi anzake a m'malaini, nyumba za antchito zija, akudutsa ndi amuna awo. Ankafuna kuti Sharon asapeze chabwino chimene iye analibe, koma chimene chinachitika n'chakuti Sharon anatenganso ndi kanthawi kochepa kamene Winston ankakhala pakhomo. Nthawi zina, akamva kuti mlamu wake walira ndi ululu, ankadziimba mlandu. Koma Winston akangotchula dzina la Sharon ndi mawu ofewa aja amene iye sankawamva, kudziimba mlanduko kunkatha.

Tsiku lokaonedwanso kuchipatala, namwino anafunsa kuti wodwalayo amagonera chiyani. Atamufotokozera, anapukusa mutu n'kunena kuti munthu wovulala chiuno sagona pa zomira, achotse msanga. Winston anabwera kunyumba atakwiya, osati ndi Esteri, koma ndi wogulitsa. Anati mayi ameneyo waona kuti wobwerayo ndi mzimayi wosadziwa n'kumukankhira katundu wowola. Anapempha tchuthi cha tsiku limodzi ndipo anati apite limodzi ku Nkando, Esteri akamulozere sitoloyo.

Esteri anayesa kuzemba. Anati mutu ukumupweteka, anati sitoloyo ndi yosasowa, anati kukangana ndi ogulitsa sikubweza kanthu. Winston anaumirira. M'mawa mwake anakatenga siponji yapinki ija kumudzi, itapindidwa, ili ndi chidindo cha thupi la Sharon pakati, ndipo anakwera nayo minibasi onse awiri.

Mayi Mwanaisha anamuzindikira Esteri asanalowe n'komwe. Winston anaponya siponjiyo pansi n'kuyamba kulankhula, mwaulemu koma mokwiya. Anati anthu amagulitsa kuti adye, koma osati kudyera pa odwala. Anati mlongo wake anali atayamba kuchira, pano sakutha kuponda pansi. Mayiwo anamusiya mpaka anamaliza. Kenako anafunsa funso limodzi lokha, kuti siponjiyo inali ya ndani. Winston anati ya mlongo wake, wovulala pa ngozi.

Mayi Mwanaisha anatembenukira kwa Esteri. Esteri anayang'ana zala za kumapazi ake. M'sitolomo munangomveka wailesi ya wogulitsa mafoni wa khomo linalo.

"Bambo, ine ndinayala zitatu pansi apa," anatero mayiwo pomaliza. "Ndinanena imene ili ya msana ndi imene ili ya alendo. Za wodwala sindinauzidwe. Ndikanauzidwa, iyi sikanatuluka pakhomo pano."

Sananene kuti Esteri anagonapo pa yotuwa, kapena kuti anachenjezedwa kawiri. Anangotsitsa yotuwa ina n'kumuuza Winston kuti aigwadire. Winston anagwada, anadzuka, anagwadiranso yapinki, bondo lake n'kugunda simenti. Sanafunsenso china. Anagula yotuwayo. Yapinki mayiwo anakana kuilandira poti inali yogonedwa, ndipo anatuluka ndi zonse ziwiri.

Pa siteji panali anthu ambiri, choncho Winston anayenda mpaka pansi pa mtengo wa mango kutali pang'ono, Esteri akumutsatira. Anatsamiritsa masiponjiwo pa mtengo. Anafunsa motsitsa mawu ngati anauzidwadi kuti yapinkiyo si yabwino. Esteri anati inde. Anafunsa chifukwa chake. Apa mawu a Esteri anatuluka onse, mosakonzekera, ena oyambira kumapeto. Ananena za makatoni ndi bulangete lopinda. Ananena za mimba ya Prince, mmene ankagwirira khoma kuti atembenuke Winston ali mkonono pambali pake. Ananena za mphasa ya kwawo imene Winston ankamuuza nthawi zonse, n'kufunsa chifukwa chimene mphasa yomweyo sinamukwanire Sharon ngakhale tsiku limodzi. Anati pa anthu onse a pa esiteti, Winston anasankha iyeyo kuti akasankhire mkazi wina chinthu chimene iye wachipempha mpaka kutopa.

Winston anati Sharon si mkazi wina, ndi mlongo wake, ndipo ndi wodwala. Anati nsanje yochitira munthu wogona pa bedi la matenda sanaionepo.

"Sharon alibe wina, amake Prince. Ali ndi ine ndekha."

"Nanga ine ndili ndi ndani?"

Winston anayang'ana kumsewu. Minibasi itabwera anakweza masiponji, ndipo anakhala mipando yosiyana mpaka ku Mishoni.

Kwa Sharon, Winston anangoti wogulitsa wawapatsa ina yoyenera. Za pansi pa mtengo wa mango sananene. Sharon atagona pa yotuwayo anakwinya nkhope n'kunena kuti ndi yolimba ngati benchi la kutchalitchi, koma patapita masiku anayamba kutembenuka yekha, kenako kudzuka yekha. Yapinki anaipereka kwa ana ake, amene ankaidumphira mpaka inang'ambika.

Kunyumba Winston ndi Esteri ankalankhulana zofunika zokha, za mchere, za sopo, za sukulu ya Prince. Nyengoyo tiyi anali atachepa ndipo othyola ambiri anali atapumitsidwa, choncho Esteri anali ndi nthawi. Popanda womutuma, anayamba kupita kwa Sharon m'mawa uliwonse. Ankatunga madzi, kuwatenthetsa, kumusambitsa, kumuchapira, n'kuphika nyemba za kalongonda zimene Sharon ankazikonda, ngakhale zimafuna nkhuni zambiri ndi kuleza mtima. Sankachita izi ndi chimwemwe. Ankachita chifukwa mwendo wa Sharon unkakokabe pang'ono poyenda, ndipo nthawi iliyonse akauona ankadziwa gawo lake pa kukokako. Koma poyala bedi, dzanja lake likakhudza siponji yotuwa ija, mtima unkamuwawabe chimodzimodzi.

Sharon sanali munthu wothokoza kwambiri, ndipo matenda sanamusinthe. Ankadandaula kuti madzi atentha, kuti mchere wachepa. Koma anali ndi maso. Tsiku lina Esteri atamaliza kumusambitsa mapazi, anadzuka movutikira, dzanja lili kumsana, n'kuima kaye asanawongoke. Sharon anafunsa kuti zimenezi zayamba liti. Esteri anati ndi kale, ndi dengu la tiyi. Sharon anafunsanso kuti kunyumba amagonera chiyani, ndipo atamva kuti ndi matilesi omwe aja a chaka chosamukira, anangoti, "Omwe aja?" Kenako anasintha nkhani n'kuyamba za mbuzi ya anansi imene inkadya chinangwa chake.

Mvula yoyamba itagwa, Sharon anali akuyenda ndi ndodo mpaka kumsika, ndipo Esteri anabwerera kumunda wa tiyi. Loweruka lina madzulo, akusenda chinangwa pakhonde, anamva ana a m'malaini akuchita phokoso. Atadzutsa mutu anaona Winston akukankha njinga, pakaliyala atamangirira chinthu chachitali chokulungidwa, chotuwa ngati phulusa. Mpeni unamugwa m'manja. Anaimirira, anapukuta manja pa chitenje, ndipo anadzipeza akuseka, kuseka kumene anali atakuiwala. Anathandizana kumasula zingwe, analowa nayo kuchipinda, anachotsa makatoni onse ndi bulangete lija n'kuziponya panja. Siponjiyo inakwana bwino lomwe, ngati anachita kuyeza. Esteri anakhala m'mphepete mwa bedi n'kumaisisita. Ankaganiza kuti mawu ake a pansi pa mtengo wa mango, ngakhale anachedwa, anafika.

Winston, naye atasangalala poona mkazi wake akuseka, anakhala pambali pake n'kuyamba kufotokoza. Anati Sharon anamukhazika pansi sabata yatha n'kumukalipira ngati mwana. Anamufunsa kuti ndi mwamuna wotani amene amagoneka mkazi wake pa mathabwa, mkazi wosenza dengu tsiku lonse, ndipo anamuuza kuti asapondenso pakhomo pake asanakonze zimenezo. Winston ankafotokoza akuseka, monyadira mlongo wake.

"Mukamuthokoze. Pakanapanda iye, ine sindikanaganiza."

Dzanja la Esteri linaima pa siponjiyo. Anayang'ana mwamuna wake, nkhope yake yosabisa kanthu, ndipo anaona kuti sakudziwa n'komwe chimene wanena. Anati wamva, akamuthokoza. Anatuluka kukatola mpeni wake n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Siponjiyo inagwira ntchito yake. M'mawa mwake Esteri anadzuka osagwira khoma, ndipo pakutha kwa mwezi ankafika kusikelo msana uli wake. Winston, amene ankati mphasa ndi yokwanira, anayamba kuchedwa kudzuka mpaka kapitawo anamufunsa ngati akudwala. Akazi a m'malaini ankabwera kudzaidina ndi zala, ena n'kufunsa njira ya kusitoloyo, ndipo Esteri ankawalangiza moona mtima kuti asatengeke ndi yonenepa.

Kukathokoza anazengereza mpaka Winston anamukumbutsa kawiri. Anapita Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, atanyamula nandolo m'kathumba. Anamupeza Sharon pakhonde akusankha mpunga, ndodo ili pambali. Anacheza za mvula, za ana, za mtengo wa feteleza. Ponyamuka, Esteri ananena mawu amene anawakonza njira yonse, kuti wathokoza chifukwa cha siponji, msana wake wapepuka.

Sharon anakupiza dzanja osadzutsa mutu pa lichero.

"Musavutike, alamu. Achimwene ndi choncho kuyambira ali mwana. Saona okha, mpaka munthu awauze."

Esteri anavomera ndi mutu. Anatsanzika, n'kutsika kanjira kopita kumsewu. Mawuwo anayenda naye mpaka pa siteji. Iye anali atanena zaka zonsezo, ananena akuseka, ananena akulira, ananena ali ndi pakati. Sharon ananena kamodzi. Minibasi inafika itadzaza, ndipo kondakitala anamupanikiza pakati pa mayi wina wa dengu la tomato ndi chitseko. Anakhala momwemo, maso ali panja mpaka potsikira pa esiteti.